Kodi nambala ya viral load imachokera kuti? Za komiti ya ku Geneva ndi timabotolo ta m'filiji

Tsiku lina ndili pa benchi pachipatala china ndinamva azimayi awiri akufananiza mapepala awo a viral load, aja onena kuchuluka kwa HIV m'magazi, wina lake alemba <40 mnzakeyo alemba <839, ndiye wa 839 uja nkhope yagwa akuti ndiye kuti ine tizilombo tachuluka eti, chonsecho mankhwala sindidumphitsa olo tsiku limodzi. Mnzakeyo akuti kaya amayi, mwina anesi akuuzani. Kenako anafunsa funso lomwe linandikhala m'mutu mpaka kunyumba: "Koma achimwene a ku labu aja amachita kutiwerenga kamodzikamodzi tizilomboti? Nanga 839 yo, osangoti 800 bwanji?" Anthu pabenchipo anaseka koma funsolo ndi lenileni, ndipo yankho lake silithera ku labu kwathu kuno ayi, limakafika mpaka ku Geneva ndi ku kamudzi kena ka ku England komwe kuli mafiliji odzadza timabotolo.

Tiyambe ndi zomwe tonse timadziwa. Nthawi yokolola mavenda akalowa m'mudzi, mkangano sukhala pa mtengo pokha, umakhala pa sikelo. Thumba lomwelo la soya kwa uyu 48 kwa uyo 52. Ena amagula pa ndowa koma ndowa yake yomenya pansi kuti mulowe zambiri. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayenda ndi zitsulo zawo zoyezera sikelo, ndipo zitsulozo nazo zinayezedwa pa zina, zinazo pa zina, mpaka kukafika pa kachitsulo kamodzi kosungidwa ku Sèvres pafupi ndi Paris komwe mpaka 2019 dziko lonse linkati kilogalamu ndi kameneka basi. Ku labu nkhani ndi yomweyi, kungoti chomwe tikuyeza sichioneka, chimawonongeka chikatenthedwa, chimasinthasintha, ndipo sungachikweze pa sikelo.

Makina a viral load, GeneXpert yoyeza TB, komanso aja tinkatokosedwa nawo mphuno nthawi ya Covid, onsewa ndi a mtundu umodzi. Safuna ma antibody ngati mmene kamachitira koyezera kobaya pachala kaja, amafuna kachidutswa ka DNA kapena RNA ka kachilombo kenikeniko. Njira yotchuka ndi PCR, yomwe Kary Mullis anaiganiza mu 1983 akugwira ntchito ku kampani ya Cetus ku California, mpaka anapata nayo Nobel mu 1993. Nzeru yake ndi ya fotokope. Ukatenthetsa, kachidutswa ka DNA kamang'ambika pawiri, ukaziziritsa tizingwe tifupitifupi totchedwa ma primer timakamatirira pamalo pomwe tinapangidwira, kenako enzyme imamanga mbali yosowayo, apo zakhala ziwiri. Kubwereza zakhala 4, kenako 8, 16, ndipo ukazungulira ka 30 kamodzi kaja kadutsa 1 biliyoni. Enzyme yake inachokera ku bakiteriya wokhala m'akasupe otentha a ku Yellowstone, n'chifukwa chake siipsa ndi kutenthako. HIV poti ndi ya RNA imayamba yasandutsidwa kaye DNA, kenako fotokope ija iyambe.

Ndiye mumve apa. Makinawo sawerenga tizilombo. Chomwe amaona ndi kuwala, chifukwa m'madzi oyezera aja muli mankhwala omwe amawala fotokope ikamachuluka, ndiye makina amangolemba kuti kuwalaku kwadutsa mzere pa kuzungulira kwa nambala chakuti, imeneyo ndiye Ct. Magazi odzadza tizilombo amawala msanga, mwina pa 18, okhala ndi tochepa amachedwa mwina mpaka 35. Kuti Ct isanduke nambala mumaiona papepala ija, makina amaifananiza ndi madzi ena omwe kampani inanena kale kuti umu muli mwakuti. Ma calibrator amenewo ndiwo zitsulo za sikelo yathu. Akakhala olakwika, makina olo akhale atsopano ochoka m'katoni, nambala ituluka yabodza koma yolembedwa bwinobwino ndi inki ya printa, ndipo palibe angaikayikire.

Vuto lachiwiri ndi loti PCR ndi yakumva kwambiri. Munalowako m'chigayo? Olo simunagayitse, mumatuluka nsidze zayera. Labu yomwe yakhala ikupanga mabiliyoni a tizidutswa tomwetomweto tsiku ndi tsiku imakhala ngati chigayo, fumbi lake losaoneka lili pa mapipeti, pa magolovesi, pa chogwirira chitseko, ndiye kafumbi kamodzi kokha kakagwera mu sampulo ya munthu wopanda kachilombo, basi wapezeka nako. Mu 1989 Shirley Kwok ndi Russell Higuchi analemba malangizo opewera zimenezi mu magazini ya Nature, ndipo zambiri timachitabe mpaka lero: chipinda chosakanizira mankhwala chikhale pachokha, chotsegulira masampulo pachokha, chochulukitsira pachokha, ndipo munthu aziyenda kulowera kumodzi osabwerera m'mbuyo ndi gawuni yomweyo.

Zaka zoyambirira zija labu iliyonse inkadziphikira yokha PCR yake, aliyense ma primer ake, aliyense akudzitama kuti yanga ndiye yakuthwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 gulu lina ku Ulaya linaganiza zowayesa, linatumiza masampulo ofanana a hepatitis C ku malabu 31 osawauza kuti muli chiyani, ena muli kachilombo ena mulibe. Zotsatira zinatuluka mu 1993 m'magazini ya The Lancet ndipo zinali zamanyazi: malabu 5 okha ndi omwe anakhoza zonse. Ena anapeza kachilombo m'magazi oyera, ena anakaphonya pomwe kanalipo. Awa sanali malabu a kumudzi opanda magetsi, anali a m'mayunivesite ndi m'mabanki a magazi a mayiko olemera.

Komanso nthawi imeneyo nkhani ya hepatitis C inali yowawa. Mankhwala ena amapangidwa kuchokera ku plasma, madzi achikasu a m'magazi aja, ya anthu masauzande yosakanizidwa pamodzi, ndiye munthu m'modzi yekha wa kachilombo amatha kuipitsa mphika wonse. Ku Ireland mu 1994 zinadziwika kuti azimayi ambiri anatenga hepatitis C kudzera mu jakisoni wa anti-D yemwe analandira cha mu 1977 atabereka. Maboma anayamba kufuna kuti plasma iziyezedwa ndi PCR isanalowe m'fakitale, koma lamulo ungalilembe bwanji? Ukati makina azitha kuona ma copies 100, kampani iyi copy yake ndi ina, iyo imati genome equivalents, labu inayo ili ndi muyezo wake wodzipangira. Chimodzimodzi kulamula kuti chimanga chizigulidwa pa ndowa osanena ndowa yake iti. Mu 1995 akatswiri anayambitsa gulu lokambirana zimenezi lotchedwa SoGAT, ndipo njira yomwe anasankha inali yakalekale, ya komiti yomwe ndikufuna tikambe.

Dzina lake ndi WHO Expert Committee on Biological Standardization, mwachidule ECBS, ndipo inayamba mu 1947, WHO yeniyeniyo isanakhazikike bwinobwino mu 1948. Koma ntchitoyo inayamba kale. Paul Ehrlich ku Germany mu 1897 anaona kuti mankhwala a diphtheria akusiyana mphamvu botolo ndi botolo, ndiye anaumitsa ena n'kunena kuti ena onse aziyezedwa pa amenewa. League of Nations, bungwe la mayiko lomwe linalipo UN isanabwere, inaitenga nzeruyi m'zaka za m'ma 1920. Nkhani yomwe imandisangalatsa ine ndi ya insulin. Itangotulukiridwa ku Toronto mu 1921, mphamvu yake ankaiyeza pa akalulu, unit inali mlingo womwe ungatsitse shuga wa kalulu wosadya mpaka kuyamba kuphupha. Nanga akalulu amafanana? Wa ku Toronto ndi wa ku London kadyedwe kosiyana, mtundu wosiyana. Henry Dale wa ku London anakakamira kuti tisiye kudalira kalulu, tiumitse insulin ikhale ufa, tiisunge, aliyense aziyezera pamenepo, ndipo mu 1925 zinavomerezedwa. IU mumaiona pa botolo la insulin, kutanthauza International Unit, inabadwa choncho. Ngakhale timakapisozi ta vitamini A tomwe ana amadonthezedwa kusikelo, ka buluu 100,000 IU kofiira 200,000 IU, zilembo ziwirizo ndi za banja lomweli.

Komitiyi ilibe labu yakeyake. Ndi akatswiri osankhidwa m'mayiko osiyanasiyana omwe amakhalamo m'dzina lawo osati kuimira boma lawo, ndipo amayenera kuulula ngati ali ndi kampani yomwe amadya nayo. Kale ankakumana kamodzi pachaka cha mu Okutobala ku Geneva, kuyambira nthawi ya Covid amakumana kangapo. Ntchito yamanja imagwiridwa ndi malabu osunga miyezo, wamkulu ndi NIBSC ya ku South Mimms pafupi ndi Potters Bar kumpoto kwa London, komwe kuli miyezo yochuluka kwambiri ya WHO, komanso Paul-Ehrlich-Institut ya ku Langen ku Germany yomwe inapanga ya hepatitis E ndi ya Zika. Komiti imavomereza kaye kuti muyezo wakutiwakuti ukufunika, labu ipite ikapange, ibwere ndi lipoti, lipotilo liikidwe pa intaneti aliyense wofuna athirire ndemanga, kenako akulu aja akhale pansi alitsutse kapena alivomereze. Makampani amaloledwa kumvetsera zokambirana koma pomanga mfundo amatuluka. Zomwe agwirizana zimasindikizidwa mu WHO Technical Report Series, mabuku oti ukawerenga masamba atatu tulo tabwera, koma dziko lonse likuyendera momwemo.

Kapangidwe ka muyezo nkomwe kali ndi nkhani. Amatenga plasma ya munthu yemwe ali ndi kachilombo kambiri, kapena kachilombo kolimidwa mu labu, amaisungunula mu plasma yoyera yomwe ayeza kale kuti mulibe china chilichonse, n'kuithira m'timabotolo masauzande, kabotolo kalikonse mlingo wofanana ndendende mpaka amachita kuyeza kulemera kwa tina kuti aone ngati makina othira sanabere. Kenako amaumitsa mozizira, madzi onse achoke patsale kaufa, atseke, aike m'filiji ya -20. Tina amatiika dala pamalo ofunda, tina pa 4, tina pa 20, tina pa 37 mpaka 45, kwa miyezi, kuti aone kuti ufawo ukufooka mwachangu bwanji, pamenepo amawerengera kuti tomwe tili m'filiji tikhala zaka zingati komanso ngati kabotolo kangapirire ulendo wa pandege mpaka kumayiko otentha ngati kwathu kuno.

Zikatero amatumiza timabotolo ku malabu a m'mayiko ambiri, a maboma, a makampani, a zipatala, tili ndi zilembo chabe m'malo mwa mayina. Pa muyezo woyamba wa hepatitis C, ntchito yomwe anatsogolera John Saldanha wa ku NIBSC, malabu anali 22 ndipo zoyesedwa zinali zitatu, AA, BB ndi CC. Labu iliyonse imayeza ndi njira yake ya masiku onse, masiku osiyanasiyana, kusungunula pang'onopang'ono mpaka kachilombo kasiye kuoneka, n'kutumiza manambala. Apa a masamu amachita chinthu chimodzi chomwe ndi mtima wa ntchito yonseyi. Amayamba aona manambala osaphika, omwe amakhala balala, wina apa wina uko. Kenako amati tiyerekeze kuti AA ndiye muyezo, labu iliyonse itiuze kuti BB ndi yochuluka kangati poyerekeza ndi AA. Manambala omwazikana aja akasonkhana pamodzi, ndiye kuti AA ikugwira ntchito. Akapanda kusonkhana, muyezowo ndi wopanda phindu olo upangidwe mwaukhondo chotani.

Mu 1997 komiti inavomereza AA, nambala yake 96/790, kukhala muyezo woyamba wa dziko lonse wa mayeso a mtundu umenewu, ndipo inati muli 100,000 IU pa mililita. Tsono apa ambiri amadabwa: IU imeneyi siitanthauza kuti anawerenga tizilombo 100,000. Ndi nambala yongogwirizana. Zili ngati amfumu aimirire pabwalo anyamule ndowa imodzi anene kuti kuyambira lero ndowa ya m'mudzi muno ndi iyi, sanawerenge maso a chimanga olowamo ndipo safunika kutero, chofunika n'choti aliyense ayezere pamenepo. Anthu a chemistry zimenezi zimawanyansa, amafuna zinthu zoyezeka pa magalamu ndi ma mole, koma m'zaka zimenezo panalibe njira yowerengera RNA ya m'magazi yomwe onse akanaikhulupirira, ndiye kunamizira kuti tikudziwa nambala yeniyeni kukanakhala bodza loposa. Ndowa itapezeka lamulo linalembeka: kuyambira pa 1 Julaye 1999 ku Ulaya plasma yopangira mankhwala inayenera kuyezedwa ndi njira yotha kuona 100 IU pa mililita.

Zitatero zinangotsatana. HIV-1 ndi hepatitis B mu 1999, kachilombo ka CMV komwe kamavutitsa anthu oikidwa impso ndi ziwalo zina mu 2010, ndipo pakati apo panabweranso wa DNA ya Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo athu omwewa.

Mwina mwafunsa kale kuti nanga pepala la viral load bwanji limati copies osati IU. Apa komiti inachita kugonja ndi chizolowezi. Pomwe muyezo wa HIV umafika mu 1999, madokotala anali atazolowera kale ma copies, kafukufuku wamkulu wa ma ARV anali atalembedwa kale m'ma copies, palibe akanalola kusintha. Pa hepatitis B ndi C dziko linasamukira ku IU, pa HIV linakana. Chomwe makampani amachita n'choti amayezabe makina awo pa muyezo wa WHO n'kulemba m'kapepala ka m'bokosi kuti copy yathu imodzi ndi ma IU mwakuti, kwa makina otchuka imakhala cha m'ma 1.7. Ndiye IU ilipo ndithu kuseri kwa pepala lanu, kungoti yavala malaya ena.

Pali china chomwe ife a kuno tiyenera kuchidziwa. Muyezo woyamba wa HIV uja unali wa subtype B, mtundu wofala ku Ulaya ndi ku America, pomwe ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa pafupifupi aliyense ali ndi subtype C. Makina oyambirira ena ankaphonya kapena kuchepetsa nambala pa mitundu yosakhala B chifukwa ma primer awo anasokedwa poyezera thupi la B. Muyezo wa B sungaulule vuto limenelo, makina akhoza mayeso ku London koma n'kumabera ku Lilongwe. N'chifukwa chake komiti inadzavomerezanso kagulu ka timabotolo ta mitundu yosiyanasiyana ya HIV, A, B, C, D ndi ina mpaka ya gulu O, kuti kampani ionetse kuti makina ake amaona yonse. Ine pamenepa ndimaona kuti zinayenda chambuyo, kumene kuli odwala ambiri ndi kumene kunaganiziridwa pomaliza, koma poti ogula makina nthawi imeneyo anali a kumpoto, ndalama ndi yomwe inasankha koyambira.

Timabotolo timatha. Tikatsala pang'ono amapanga ena n'kuwayeza pa akalewo kuti IU isasinthe, wa HIV unafika wachinayi mu 2017, wa hepatitis C wachisanu ndi chimodzi mu 2019. Amisiri a denga amalidziwa vuto lake: ukadula phaso loyamba, lachiwiri n'kuyezera pa loyamba, lachitatu pa lachiwiri, pofika lakhumi denga lapendama. Muyezo uliwonse watsopano umabwera ndi kakulakwitsa kake kakang'ono, ndiye pa kafukufuku aliyense amaikamo akale omwe atsala komanso masampulo omwe anayezedwapo m'mbuyomu kuti aone ngati IU ikutsetsereka. Vuto lina ndi lomwe amalitcha commutability, kutanthauza kuti kodi kaufa kouma kosungunulidwa ndi madzika kakuchita m'makina ngati mmene amachitira magazi a munthu weniweni? Nthawi zina ayi. Makina awiri atha kugwirizana bwino pa kabotolo ka WHO koma n'kusiyana pa magazi a wodwala, chifukwa kuumitsa kapena kupha kachilombo ndi moto kwasintha kena kake, kapena chifukwa m'thupi DNA imayenda yoduladula pomwe ya m'kabotolo ndi yathunthu. Pa CMV zimenezi zavutitsa kwambiri, muyezo unabwera, kusiyana kunachepa koma sikunathe.

Covid inationetsa mmene zimakhalira muyezo ukachedwa. Chaka cha 2020 makampani mazanamazana anatulutsa ma PCR awo, ndipo anthu pa WhatsApp anasanduka akatswiri a Ct, akuti yoposa 30 ndi yabodza, ena akuti 35. Chonsecho Ct ya makina awa ndi ya makina awo sizifanana, zimatengera ma primer, kuchuluka kwa madzi omwe watenga, ngakhale mmene wotokosa mphuno uja analowetsera kathonje. Kufananiza ma Ct a malabu awiri kuli ngati kufananiza mitengo wina akunena makwacha a Malawi wina a Zambia. Komiti inakumana mwapadera n'kuvomereza muyezo wa RNA ya SARS-CoV-2 mu Disembala 2020, kwa iwo limenelo linali liwiro loopsa poti ntchito yotere imadya zaka ziwiri kapena zitatu, koma pofika apo mayeso mamiliyoni anali atachitika kale ndipo malabu ambiri anapitiriza kungonena kuti kalipo kapena kulibe.

Ndisakunamizeni kuti kabotolo ka ku South Mimms kamathetsa zonse. Makina amangoona chomwe anauzidwa kuti afune. GeneXpert, yomwe WHO inaivomereza mu Disembala 2010, imadziwa TB yosamva mankhwala a rifampicin poyang'ana kachigawo ka zilembo 81 pa jini yotchedwa rpoB, poti kusintha kochuluka kumachitikira pamenepo. Koma ku Eswatini mu 2015 ofufuza anaulula kuti pafupifupi 30 pa 100 ya TB yosamva mankhwala yomwe anaiyeza inali ndi kusintha kotchedwa I491F komwe kali kunja kwa kachigawoko, ndiye makina ankati mankhwala agwira pomwe sagwira. Apo sikelo ili bwinobwino, koma katundu wadutsira khomo lakuseri. Zotere zimagwidwa ndi anthu omwe akupitiriza kulima TB mu labu ndi kuwerenga majini ake onse, ndipo WHO inatulutsa m'ndandanda wa kusintha kwa majini a TB mu 2021 n'kuwonjezera mu 2023.

Komanso labu ya kwathu sigula kabotolo ka WHO kuti iziyezera tsiku ndi tsiku, n'tochepa ndipo si ntchito yake. Kampani ndi yomwe imayeza ma calibrator ake pamenepo, ife timalandira za m'bokosi. Mbali yathu imayang'aniridwa ndi malamulo ena, ISO 15189, omwe analembedwa ndi komiti inanso ya ISO/TC 212, anatuluka koyamba mu 2003 ndipo atsopano ndi a 2022. Amenewo ndi omwe amafunsa zotopetsa zija: filiji mwalemba kutentha kwake lero? pipeti inayezedwa liti? amene akuyendetsa makinayu anayesedwa ndi ndani? ma control atakanika munachita chiyani, mwalemba pati? Poti malabu ambiri a mu Africa sakanatha kudumpha kamodzi n'kufika pamenepo, mu 2009 ku Kigali anakhazikitsa njira yokwera pang'onopang'ono yomwe pano timaitcha SLIPTA, ya nyenyezi 1 mpaka 5, nyenyezi yoyamba pa 55 peresenti yachisanu pa 95, ndipo ofika pamwamba amakapempha satifiketi ku mabungwe ngati SADCAS ya ku Gaborone.

Palinso mayeso akunja, EQA, pomwe labu imalandira masampulo osadziwika kangapo pachaka ngati mmene anachitira a 1993 aja. Mukukumbuka mu Meyi 2020 malemu John Magufuli, pulezidenti wa Tanzania nthawi imeneyo, atanena kuti anatumiza mwachinsinsi masampulo a mbuzi ndi papaya ku labu ndipo anapezeka ndi corona? Anthu anaseka ena anakwiya, koma kutumiza sampulo mobisa dzina si nzeru yachilendo, malabu amayesedwa choncho kumene. Kusiyana kwake n'koti woyesayo amayenera kudziwa motsimikiza chomwe chili m'sampulomo, ndipo ikhale ya mtundu womwe makinawo anapangidwira, madzi a papaya palibe kampani inawayesapo ndiye chotuluka pamenepo sichikuuza kanthu za makina, mwina chingokuuza za fumbi la m'chigayo lija.

Tsopano tibwerere kwa amayi a pabenchi aja. Nambala ya viral load ili ndi kugwedera kwake kovomerezeka, magazi omwewo ukayeza kawiri sutuluka nambala imodzi, ndipo akatswiri amati kusiyana kosafika katatu, komwe amati 0.5 log, kusakudabwitseni. Ndiye 900 ndi 1,200 kwa makina ndi pafupifupi chimodzimodzi, chonsecho mzere womwe WHO inaika mu 2013 wokayikira kuti mankhwala akukanika ndi 1,000, n'chifukwa chake munthu sasinthidwa mankhwala pa pepala limodzi, amayamba wathandizidwa kamwedwe kenako ayezedwenso patapita miyezi. Mu 2023 WHO inafotokozanso magulu atatu: kosaoneka, kopanikizika komwe ndi 1,000 kutsika, ndi kosapanikizika, ndipo inati yemwe kake sikakuoneka sangapatsire mnzake pogonana.

Za 839 zili chonchi. Mnzawo wa <40 uja anatengedwa magazi a m'botolo, anapatulidwa plasma, makina anapatsidwa 0.6 ya mililita. Iwowo anadonthezedwa pa kakhadi ka DBS, kaja kamauma n'kunyamulidwa pa njinga yamoto kuchoka ku zipatala zakutali kopanda filiji, ndipo kadontho kamodzi pakhadipo ndi mamaikulolita 70 okha, magazi ochepa kwambiri, ndiye makina sangaone pansi kwambiri ngati pa plasma. Kampani popanga makinawo inatenga kachilombo kodziwika mlingo wake, koyezedwa pa unyolo uja wokafika ku South Mimms, inasungunula m'magawo otsikatsika, gawo lililonse n'kuliyeza kambirimbiri, kenako masamu anaonetsa mlingo womwe makina amakaona ka 95 pa maulendo 100 aliwonse. Pa plasma analemba 40, pa DBS masamuwo anagwera pa 839 ndipo anaisiya choncho osaikonza kuti ikhale 800. Kachizindikiro ka < kali kutsogoloko kakunena kuti nambala yawo ili pansi pa pomwe makina angawerenge molimba mtima pa khadi, itha kukhala 600 itha kukhala 20. Ndinayamba kuwafotokozera zimenezi pabenchi pomwepo, ndisanafike n'komwe pa za kakhadi anesi anaitana nambala yawo, ananyamula chikwama n'kulowa.